Ndani wagwira kompyuta? Kuyerekeza njira zimene pulogalamu imadziwira amene akuigwiritsa ntchito

Mvula itangoyamba kudula chaka china, gulu lina la alimi a tiyi ang'onoang'ono cha kumunsi kwa phiri la Mulanje linandiitana kuti ndikaone pulogalamu yolembera makilogalamu a masamba imene ndinali nditawakonzera. Mlimi wina anali atadandaula kuti masamba amene anayezetsa pa sikelo sakugwirizana ndi amene alembedwa pa pepala la malipiro, ndipo komiti inkafuna kudziwa amene anasintha nambalayo. Ndinapita mtima uli m'malo, chifukwa m'pulogalamumo ndinali nditaika gawo lolemba dzina la aliyense amene walowetsa kapena kusintha nambala. Titatsegula kaundulayo tinapeza kuti mizere yonse, kuyambira Disembala mpaka Epulo, inali ndi dzina limodzi lokha, Admin. Amayi amene amasunga chuma cha gululo anayang'ana sikirini, kenako anayang'ana ine, n'kufunsa modekha kuti, "Achimwene, Admin ameneyu ndi ndani mwa ife tili panofe?" Ndinasowa choyankha, popeza ofesi yonse, alembi atatu ndi apampando omwe, inkalowera pa akaunti imodzi ya Windows imene inabwera ndi kompyutayo pogula.

Pulogalamuyo inayankha molondola funso limene ndinaifunsa, kungoti funsolo linali losiyana ndi la komiti. Kwa pulogalamu imene ikuyenda, mawu akuti wogwiritsa ntchito angatanthauze akaunti imene mphamvu zake pulogalamuyo yavala, akaunti imene munthu analowera m'kompyuta poyamba asanasinthire ku ina, munthu amene wakhala kutsogolo kwa sikirini nthawi imeneyo, kapenanso dzina limene munthu walowera nalo m'pulogalamu mwenimwenimo. Pa laputopu ya munthu mmodzi zinayi zonsezi zimapereka dzina limodzi, n'chifukwa chake wolemba pulogalamu sazindikira msanga kuti ndi zosiyana. Zimapatukana pulogalamu ikafika pa seva, pa kompyuta ya anthu ambiri, kapena ikayendetsedwa ndi mphamvu za woyang'anira. Njira iliyonse mwa zimene ndikuyerekeza pano imayankha limodzi la mafunso amenewa, ndipo ubwino kapena kuipa kwake kumadalira chimene mukufuna kuchita ndi dzinalo mukalipeza.

Dzina limene pulogalamu imapatsidwa poyamba

Ambiri timayambira pa kuwerenga ma environment variable. Pulogalamu iliyonse ikamayamba imalandira, kuchokera kwa pulogalamu imene yaiyambitsa, kamtolo ka mayina ndi mawu, ndipo m'kamtolomo mumakhala USER ndi LOGNAME pa Linux ndi macOS, kapena USERNAME pa Windows. Kuwerenga kwake ndi mzere umodzi basi m'chinenero chilichonse cholembera mapulogalamu, ndipo sikuchedwetsa kanthu. Mu Python, getpass.getuser imayang'ana LOGNAME, USER, LNAME ndi USERNAME motsatizana choncho, n'kutenga loyamba limene yalipeza lili ndi mawu, ndipo imapita kukafunsa sisitimu pokhapokha zinayi zonsezi zikasowa. Pulogalamu yanga ya ku Mulanje ija inkawerenga USERNAME.

Dzina lotere lili ngati limene mlendo amadzitchula yekha pa chipata cha esiteti, mlonda n'kulilemba m'buku osaona chitupa cha unzika. Aliyense amene angathe kutsegula terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta, angalisinthe. Pa Linux, munthu akalemba LOGNAME=wapampando python3 kaundula.py, pulogalamu yodalira getpass idzalemba kuti zonse achita ndi apampando. Pa Windows n'kokwanira kulemba set USERNAME=wapampando mu Command Prompt, kenako n'kuyambitsa pulogalamuyo kuchokera momwemo. Java nayonso ili ndi kufooka kofanana, chifukwa user.name imene anthu amakonda kuwerenga ingasinthidwe poyambitsa pulogalamu pongowonjezera -Duser.name ndi dzina lililonse limene munthu wafuna.

Ngakhale pasakhale wachinyengo, njirayi imasokera yokha. Pa Linux imene su yake ndi ya util-linux, munthu akalemba lamulo losinthira akaunti limeneli lokha, osati su - yokhala ndi kamzere, n'kukhala root, akaunti ya mphamvu zonse, HOME ndi SHELL zimasintha koma USER ndi LOGNAME zimatsala ndi dzina lake lakale, kotero pulogalamu yokhala ndi mphamvu zonse imadziona ngati ya kalaliki wamba. Ntchito zimene cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, imayendetsa usiku zimapatsidwa kamtolo kochepa kwambiri, ndipo pa ma Linux ena USER simukhala m'menemo n'komwe. Kwa amene amalemba ma macro mu Excel, ndipo m'maofesi athu ndi ambiri, pali msampha wina. Application.UserName imapereka dzina limene linalembedwa m'ma settings a Office, limene kawirikawiri limakhala la amene anaika Office pa kompyutayo zaka zapitazo, ndipo siligwirizana ndi akaunti ya Windows. Ine njira yoyambayi ndimaigwiritsa ntchito popereka moni pa sikirini, kapena podzaziratu dzina pa lipoti limene munthu angalikonze yekha. Sindiigwiritsa ntchito poweruza kuti munthu aloledwe kuchita kanthu, ndiponso sindiilembanso m'kaundula amene komiti ingadzadalire.

Kufunsa sisitimu yeniyeniyo

Njira yachiwiri imasiya kamtolo kaja n'kukafunsa kernel, gawo la sisitimu limene limaweruza kuti pulogalamu iloledwe kutsegula fayilo kapena ikanizidwe. Pa Linux, macOS ndi abale awo a mtundu wa Unix, kernel imadziwa anthu ndi nambala yotchedwa UID, ndipo mayina alibe nayo ntchito. Root, mwini mphamvu zonse, ndi 0. Akaunti yoyamba ya munthu wamba imakhala 1000 pa ma Linux ambiri, ndi 501 pa macOS. Pulogalamu imafunsa nambala yake kudzera mu getuid kapena geteuid, ndipo nambala imeneyi ndi yomweyo imene kernel imaweruzira nayo, kotero siisinthika ndi mawu ongolemba pa terminal. N'zoona kuti pali zida monga fakeroot zimene zimanamiza pulogalamu kuti ndi root, koma zimanamiza pulogalamu yokhayo. Ikafuna kutsegula fayilo imene ilibe nayo chilolezo, kernel imaikanizabe.

Kusiyana kwa getuid ndi geteuid kumaoneka bwino pa lamulo la passwd. Kalaliki wa nambala 1001 akafuna kusintha pasiwedi yake, passwd iyenera kulemba mu /etc/shadow, fayilo imene root yekha ndiye amaloledwa kuisintha. Pa chifukwa chimenechi fayilo ya pulogalamu ya passwd ili ndi chizindikiro cha setuid, chimene chimachititsa kuti ikayamba, geteuid ipereke 0 pamene getuid ikuperekabe 1001. Nambala ya geteuid ikunena mphamvu zimene pulogalamuyo yavala, ya getuid ikunena amene waiyambitsa, ndipo passwd imadalira zonse ziwiri: mphamvu za root kuti ithe kulemba, ndi nambala ya kalalikiyo kuti idziwe mzere umodzi wokha umene iye akuloledwa kusintha. Ngati funso lanu ndi lakuti kodi pulogalamuyi ili ndi mphamvu zochitira chakutichakuti, funsani geteuid. Ngati ndi lakuti waiyambitsa ndani, funsani getuid. Pa mapulogalamu ambiri a tsiku ndi tsiku nambala ziwirizi zimakhala zofanana.

Nambala ikapezeka, dzina limafunsidwa padera kudzera mu getpwuid, kapena getpwuid_r ngati pulogalamu ili ndi ma thread angapo. Imeneyi imayang'ana mu /etc/passwd, ndipo m'mabungwe akuluakulu imene maakaunti ake amasungidwa pa seva ya LDAP imafunsa kumeneko kudzera pa netiweki, zimene zikutanthauza kuti ingachedwe kapena kulephera netiweki ikavuta. Ingalepherenso nambala ikakhala yopanda dzina. Izi zimachitika kawirikawiri mu Docker, chida choyendetsa pulogalamu m'kabokosi kakekake kotchedwa container, container ikayambitsidwa ndi nambala imene mu /etc/passwd ya m'katimo mulibe. Python imaponya KeyError, ndipo bash imalemba pa sikirini mawu akuti I have no name! pamalo pa dzina. Pulogalamu yolembedwa bwino iyenera kukonzekera zimenezi n'kupitiriza ntchito ndi nambala yokha. M'kaundula ndimalangiza kulemba nambala ndi dzina limodzi, chifukwa dzina lingasinthidwe ndi usermod nambala n'kutsala yomweyo, ndipo nambala ya akaunti imene yafufutidwa ingadzapatsidwe munthu wina watsopano.

Windows imachita chimodzimodzi ndi zida zake. Pulogalamu iliyonse imene ikuyenda imanyamula token, chitupa chonena akaunti ndi mphamvu zake, ndipo mu token mumakhala SID, nambala yaitali imene pa maakaunti a anthu imayamba ndi S-1-5-21. GetUserNameW imapereka dzina lochokera mu token imeneyi, GetUserNameExW ingapereke dzinalo pamodzi ndi la domain kapena la kompyuta kutsogolo kwake, ndipo amene akufuna SID yeniyeniyo amatsegula token ndi OpenProcessToken n'kuifunsa ndi GetTokenInformation. Olemba mu C# amapeza zonsezi mosavuta mu WindowsIdentity.GetCurrent. Pano Windows imaposa Linux pang'ono pa nkhani ya kaundula, chifukwa akaunti ikasinthidwa dzina SID imatsala yomweyo, ndipo akaunti ikafufutidwa n'kupangidwanso ndi dzina lomwelo imapatsidwa SID yatsopano. Mlembi akachoka ntchito, wina n'kudzapatsidwa akaunti yatsopano ya dzina lomwelo lakuti mlembi, SID ndiyo imawasiyanitsa.

Ndipatuke pang'ono pa cholakwa chimene ndachiona kangapo m'mapulogalamu a anzanga, ndipo inenso ndinachichitapo. Munthu amafuna dzina la wogwiritsa ntchito n'cholinga choti alilumikize ku C:\Users kapena ku /home, kuti apeze foda yosungiramo mafayilo. Foda ija sikuti nthawi zonse imakhala ndi dzina la akaunti. Akaunti ikasinthidwa dzina pa Windows foda imatsala ndi lakale, ndipo munthu akatsegula kompyuta yatsopano ndi akaunti ya Microsoft, foda yake kawirikawiri imatenga zilembo zisanu zoyambirira za imelo yake. Pa Linux foda ya root ndi /root, ndipo pa macOS mafoda a anthu ali mu /Users. Amene akufuna foda afunse foda: SHGetKnownFolderPath pa Windows, HOME pa Linux, kapena Path.home mu Python. Dzina la munthu silikufunika pa ntchito imeneyi.

Pamene sudo yalowererapo

Apa ndi pamene njira zimasiyana kwambiri, ndipo ndi pamene ambiri amatayira nthawi. Tiyerekeze kuti ofesi ili ndi kaseva ka Linux, ndipo kalaliki walowa ndi akaunti yake n'kuyendetsa pulogalamu yokonza kaundula kudzera mu sudo, lamulo loyendetsa pulogalamu ndi mphamvu za root. Pulogalamuyo ikafunsa getuid imapeza 0, ikafunsa geteuid imapezanso 0, popeza sudo imasintha nambala zonse ziwiri. Njira yachiwiri ija, imene ndaiyamikira, ikunena zoona kuti pulogalamu ikuyenda ngati root, koma kaundula wodzaza ndi dzina lakuti root sakusiyana ndi wanga uja wodzaza ndi Admin.

Pali njira zitatu zopezera munthu amene ali kuseri kwa root, ndipo sizilemera mofanana. Sudo yokha imasiya SUDO_USER ndi SUDO_UID m'kamtolo kaja, ndipo pkexec imasiya PKEXEC_UID. N'zosavuta kuwerenga, koma ndi ma environment variable ngati ena onse, kotero munthu wamba angaike SUDO_USER yekha popanda kudutsa mu sudo. Muzizikhulupirira pokhapokha mutaona kaye kuti geteuid ikupereka 0, ndipo ngakhale pamenepo kumbukirani kuti munthu amene wakhala kale root angalembe dzina lililonse. Njira ina ndi getlogin, imene imapereka dzina la amene analowa m'kompyuta poyamba, ndipo lamulo la logname limadalira yomweyo. Kale getlogin inkangoyang'ana terminal imene pulogalamu yalumikizidwako n'kufufuza mwini wake mu utmp, fayilo yolemba amene alowa m'kompyuta, ndipo buku la malangizo la Linux lenilenilo limachenjeza kuti siivuta kuipusitsa. Njira yolimba kuposa zinzake ndi /proc/self/loginuid, nambala imene pam_loginuid imaika munthu akamalowa, imene imatsatira mapulogalamu onse amene iye ayambitse ngakhale adutse mu su kapena sudo kangati. Ndi nambala yomweyi imene audit ya Linux imalemba, ndipo getlogin ya masiku ano ya glibc, laibulale ya C imene ma Linux ambiri amadalira, imayamba yayang'ana kumeneko. Ngati palibe amene analowa, fayiloyo imakhala ndi 4294967295, ndipo pulogalamu iyenera kumva nambala imeneyi kuti ikutanthauza kuti munthu palibe.

Kusowa kwa munthu kumeneku kunandiphunzitsa mwa njira yowawa. Ndinali nditalemba kapulogalamu ka Python kokopera kaundula pa disiki ina madzulo aliwonse, ndipo mzere wake woyamba unkafunsa os.getlogin kuti dzina lilembedwe pa lipoti. Poyesa pa terminal kankayenda bwinobwino. Nditakapereka kwa systemd, imene imayambitsa mapulogalamu pa Linux, kuti kaziyamba kokha kompyuta ikayaka, kanasiya kugwira ntchito osauza aliyense. Magetsi akazima n'kubwerera usiku, seva inkadziyatsa yokha muofesi mulibe munthu, os.getlogin n'kuponya OSError, kapulogalamuko n'kufera pa mzere woyamba womwewo. Tinazindikira patapita masabata, tikufuna backup imene kunalibe. Malangizo a Python enieniwo amanena kuti pa ntchito zambiri getpass.getuser ndi yothandiza kuposa os.getlogin, ndipo ndikanawawerenga bwino ndikanapewa manyazi amenewo. Getlogin ndi yabwino pa pulogalamu imene munthu amaiyambitsa ndi manja ake pa terminal. Pa ntchito yoyenda yokha, kaya mu systemd kaya mu container, musaidalire popanda kukonzekera kulephera kwake.

Ena amasankha kuitana malamulo akunja monga whoami, id -un kapena logname, n'kuwerenga zimene alemba. Mu shell script imeneyi ndiyo njira yoyenera, ndipo id -u ndiyo yabwino poona ngati script ikuyenda ngati root. M'pulogalamu ya C, Python kapena C# ndi kuzungulira chabe, chifukwa whoami imangofunsa geteuid ndi getpwuid zimene inunso mungafunse nokha, ndipo mukuwonjezera chiopsezo choti wina waika pulogalamu ina ya dzina lakuti whoami patsogolo mu PATH, mndandanda wa mafoda amene sisitimu imafufuzamo malamulo. Dziwaninso kuti whoami ya Windows imalemba dzina la kompyuta kapena la domain kutsogolo kwa dzina la munthu, kotero zotsatira zake sizifanana ndi za Linux.

Munthu amene wakhala pa mpando

Pa Windows funso limavuta mwa njira ina pulogalamu ikakhala service, kutanthauza yoyenda yokha kuseri popanda munthu kuitsegula. Ma service ambiri amayenda ngati SYSTEM, akaunti ya SID S-1-5-18, ndipo kuyambira pa Windows Vista amakhala okha mu session 0, pamene munthu aliyense wolowa amapatsidwa session, kapena kuti gawo, lakelake. Service ikafunsa GetUserNameW imangomva za SYSTEM. Kuti idziwe amene wakhala pa kompyutayo iyenera kufunsa WTSGetActiveConsoleSessionId, kenako WTSQuerySessionInformation kuti ipeze dzina la mwini session imeneyo, ndipo iyenera kuvomereza kuti yankho lingakhale lakuti palibe, kapena kuti alipo angapo, wina pa kiyibodi wina kudzera pa Remote Desktop. Palinso nkhani ya Run as administrator. Mlembi wopanda mphamvu za woyang'anira akaitana apampando kuti alembe dzina ndi pasiwedi yawo, pulogalamu imayenda pa akaunti ya apampando, ndipo dzina, SID ndi foda ya APPDATA zonse zimakhala zawo, ngakhale amene akudina mabatani ndi mlembiyo apampando atatuluka kale.

Pulogalamu ya pa intaneti ndiye ili kutali kwambiri ndi munthu. Pa Debian ndi Ubuntu seva ya webusaiti imayenda pa akaunti ya www-data, ndipo alendo onse, kaya ali ku Luchenza kaya ku Johannesburg, kwa kernel ndi www-data yemweyo. Olemba PHP asamale ndi get_current_user, imene dzina lake limanyenga, chifukwa imapereka mwini fayilo ya script, osati akaunti imene ikuiyendetsa, ndiponso osati mlendo amene watsegula tsambalo. Database nayo ili ndi mayankho akeake. PostgreSQL imasiyanitsa session_user, amene analumikiza, ndi current_user, amene mphamvu zake zikugwira ntchito pa nthawiyo, kusiyana kofanana ndi kwa getuid ndi geteuid. Koma ngati pulogalamu yonse imalumikiza ndi akaunti imodzi, monga zimakhalira kawirikawiri, mayina awiriwa sakuuzani kanthu za mlembi. Pa mafoni a Android amene alembi amanyamula kupita nawo kumalo oyezera masamba, nambala ya UID imaperekedwa kwa app iliyonse, kuyambira pa 10000 kupita m'mwamba, kotero getuid imakuuzani za app, osati za amene wagwira foniyo.

Njira zonse zimene ndatchulazi zimathera pa akaunti. Palibe ndi imodzi yomwe imene ikanayankha funso la amayi osunga chuma aja, chifukwa anthu anayi akamalowera khomo limodzi la Admin, SID nayonso ndi imodzi. Pa ofesi yotere pamatsala njira ziwiri, ndipo ndinazifotokoza zonse kwa komiti.

Yoyamba ndi kupatsa munthu aliyense akaunti yakeyake ya Windows, pulogalamu n'kumawerenga dzina ndi SID kuchokera mu token. Silira ndalama, ndipo ntchito yosunga mapasiwedi imatsala m'manja mwa Windows, imene imaidziwa bwino kuposa ine. Imalolanso kutseka mafayilo kuti mlembi asathe kufufuta zimene sizimukhudza. Kuipa kwake ndi nthawi. Pa kompyuta yakale kusintha akaunti kumachedwa, ndipo m'miyezi ya mvula, masamba akachuluka, alimi atandandalika panja kudikira mapepala awo, palibe mlembi amene angatuluke mu akaunti kuti mnzake alowe. Amangoti khalani pompano mulembe, ndipo pakutha kwa sabata onse akhala akulemba pa dzina la amene anafika m'mawa.

Yachiwiri ndi kuika khomo m'pulogalamu mwenimwenimo, munthu aliyense ndi dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi, monga anazolowera kale pa ndalama za pa foni. Kusinthana kumatenga masekondi ochepa, ndipo pulogalamu ingafunsenso nambalayo pa nthawi yokhayo imene munthu akusintha makilogalamu olembedwa kale. Koma katundu amene Windows inali kusenza tsopano wagwera wolemba pulogalamu. Nambala zachinsinsi zisasungidwe momwe zilili. Zidutse mu bcrypt kapena Argon2, njira zozisokoneza kuti zisawerengeke, ndipo poti nambala ya manambala anayi siivuta kuilota, pulogalamu izitseka khomo munthu akalakwitsa kangapo. Chofunika kuchinena poyera n'chakuti khomo limeneli limateteza okhawo amene akudutsa m'pulogalamu. Ngati kaundula ali mu fayilo ya Access kapena SQLite imene ili pa kompyuta yomweyo, aliyense wodziwa angaitsegule ndi chida china n'kusintha nambala popanda kusiya dzina. Kuti zimenezi zitheke kutsekedwa, fayiloyo iyenera kukhala pa seva, kapena pansi pa akaunti imene alembi alibe mphamvu zoilembera mwachindunji, ndipo pamenepo njira yachiwiriyi yabwereranso kudalira ma UID ndi ma SID aja.

Tinagwirizana zophatikiza. Akaunti ya Admin inapatsidwa pasiwedi yatsopano imene amaidziwa apampando ndi amayi osunga chuma okha, alembi anapatsidwa akaunti imodzi ya Windows yopanda mphamvu za woyang'anira, ndipo kaundula anasamukira mu PostgreSQL pa seva. M'pulogalamumo mlembi aliyense ali ndi dzina lake ndi nambala yake. Mzere uliwonse wa kaundula tsopano umanyamula dzina la mlembi lochokera pa khomo la pulogalamu, SID ya akaunti ya Windows, dzina la kompyuta, nthawi yochokera pa seva, komanso makilogalamu akale ndi atsopano ngati asinthidwa. USERNAME ndinaichotsamo yonse.

Chimene tinakangana nthawi yaitali ndi mphindi zimene pulogalamu iyenera kudikira isanadzitseke yokha mlembi akachoka pa mpando. Ine ndinaika 3. Alembi anadandaula kuti akangotuluka kukathandiza pa sikelo, kapena kukapulumutsa matumba a masamba chiperoni chikayamba kuwaza, pobwera amapeza patsekedwa, ndipo anapempha 15. Amayi osunga chuma anati mphindi 15 n'zokwanira kuti munthu wina akhale pa mpandowo, asinthe nambala pa dzina la mnzake, n'kunyamuka osaonedwa. Tinaika 5, ndipo kusintha makilogalamu olembedwa kale kumafunsabe nambala yachinsinsi nthawi iliyonse, ngakhale pulogalamu ikhale yotsegula.